KUBINDIKIRA KWA OLEMBA: M'MENE APHUNZIRIRA KUMANGA NKHANI YAITALI

M'makomboni a ku migodi ndi m'matauni muli anthu odziwa kusimba nkhani. Alipo ena amene akayamba kukamba za ulendo wao wa kumudzi, kapena za tsiku lija mwala unagwa pansi pa mgodi, anzao aiwala kuti nsima irikuzizira m'mbale. Mwa anthu otere, ambiri anayesapo kulemba buku. Munthu agula kope, asongola pensulo, nayamba ndi mtima wotentha. Mutu woyamba uyenda ngati madzi a mu Kafue nyengo ya dzinja. Mutu waciwiri uyenda mokokeza. Pofika mutu wacitatu nkhani yaima nji, monga ng'ombe yokana goli, ndipo kope lija lilowa pansi pa sutikesi, kumene liwerengedwa ndi mphemvu ndi njenjete zokha.

Munthuyo adziyesa wopanda mphatso. Koma kawirikawiri cimene camsowa si mphatso iai, si mau, ndiponso si zocitika, pakuti zocitika ali nazo zodzaza nkhokwe. Camsowa ndico msana wa nkhani, umene Angerezi aucha plot: ndiko kulumikizana kwa zocitika kotero kuti cina cibala cinzace kufikira ku mapeto. Luso limeneli liphunziridwa monga umo munthu aphunzirira ukalipentala kapena kuboola mwala, ndipo m'maiko ena muli nyumba zimene anthu apitako kukabindikira masiku angapo kuti aliphunzire.

NYUMBA YA M'CIGWA

Imodzi ya nyumba zotere iri ku England, m'dera la Yorkshire, pafupi ndi mudzi wa Heptonstall, ndipo dzina lace ndi Lumb Bank. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1700, ndipo kale munali kukhala mwini fakitale ya nsalu. Woima pakhomo pace aona macumuni aatali a mafakitale amene analeka nchito kalekale, ataimirira pakati pa mitengo m'cigwa. Pambuyo pace nyumbayo inakhala ya wolemba ndakatulo Ted Hughes, ndipo m'caka ca 1975 inayamba kulandira ophunzira a bungwe lochedwa Arvon. Bungweli analiyambitsa m'caka ca 1968 ndiwo olemba ndakatulo awiri, John Moat ndi John Fairfax, amene anakhulupirira kuti wofuna kulemba aphunzira msanga akagona nyumba imodzi ndi kudya pa gome limodzi ndi anthu amene kulemba ndiyo nchito yao.

Kwa zaka zambiri mwambo wa sabata la kubindikira unali wotere. Ophunzira, osapitirira 16, afika Lolemba madzulo nacoka Loweruka m'mawa. Palibe afunsidwa setifiketi. Awalandira aphunzitsi awiri, olemba amene mabuku ao anasindikizidwa kale. M'mawa onse akhala mozungulira gome lalikulu naphunzira pamodzi. Masana yense alowa m'cipinda cace, ndipo pa nthawi yoikika aonana payekha ndi mphunzitsi amene wawerenga zolemba zace. Cakudya ca madzulo aphika ophunzira eni ace, m'timagulu tosinthana masiku. Kotero munthu amene m'mawa anali kulimbana ndi mutu wacisanu wa buku lace, madzulo alikusenda mbatata. Atatha kudya pali kuwerenga mokweza: usiku wina awerenga aphunzitsi, Lacitatu abwera mlendo wolemba mabuku, ndipo Lacisanu, usiku wotsiriza, awerenga ophunzira. Malo ndi cakudya zilipiridwa, ndipo mtengo wace si wocepa, koma bungwelo linali kuthandiza ena osowa ndalama.

Wina angafunse kuti, nanga munthu sangalembe ali kwao? Angathe ndithu, koma kwao kuli ana, kuli alendo, kuli wailesi ndi lamya ya m'manja. Nkhani yaitali ifuna kuti mwini wace aione yonse pamodzi m'maganizo, kuyambira ku mutu kufikira ku mcira, ndipo ici sicitheka kwa munthu amene aitanidwa mphindi khumi ziri zonse. Nzeru imeneyi si ya Azungu okha. Osula akale pofuna kuyenga citsulo anali kumanga ng'anjo yao kutali ndi mudzi, ndipo anamwali alangizidwa m'tsimba, osati pa bwalo. Nchito yofuna mtima wonse ifunanso malo ace. Ndiponso wobindikira sakhala yekha. Ali ndi anzace odwala nthenda yomweyo, ndipo mutu umodzi susenza denga.

FUNSO LOYAMBA

Phunziro loyamba m'nyumba zotere ndilo kusiyanitsa mndandanda wa zocitika ndi msana wa nkhani. Wolemba wa ku England, E. M. Forster, pokamba ku Cambridge m'caka ca 1927, anaonetsa kuti omvera ali mitundu iwiri: wina angofuna kudziwa cimene cinatsata, koma wina afuna kudziwa cifukwa cace cinacitika. Woyambayo akhuta ndi mndandanda. Waciwiriyo akhuta ndi msana wokha. Ndipo kale kwambiri, zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa kuti nkhani yomangidwa bwino iri ndi ciyambi, pakati ndi mapeto, ndi kuti zigawo zace zigwirana kotero kuti kucotsa cimodzi ndiko kugwedeza zonse.

Ici cimveka bwino ndi citsanzo. Nayi nkhani yongopeka ya masiku a citupa, monga umo wolemba woyamba kumene angaikonzere. Mnyamata wa ku Katete akwera lole kunka ku Lusaka, nakwera sitima kunka ku migodi. Alembedwa nchito ku Mufulira. Akondana ndi mwana wamkazi wa kapitao wace. Mwala umgwera, nabvulala mwendo. Abwerera kumudzi. Zonsezi zinacitikira anthu ambiri, ndipo wolemba angazifotokoze mokoma. Koma ziri ngati mikanda yopanda ulusi. Munthu angacotse cikondi cija, mwala udzagwabe. Angaike ngozi patsogolo pa cikondi, palibe cimene cisintha.

Pamenepo mphunzitsi ayamba kufunsa, ndipo funso lace ndi limodzi lokha, lobwerezabwereza ngati la mwana wamng'ono. Mnyamatayu wacoka kumudzi cifukwa ninji? Cifukwa atate wace amwalira, ndipo mlongo wace wanzeru adzacotsedwa pa sukulu ngati ndalama sizipezeka. Nanga a ku mgodi amlemba cifukwa ninji, popeza akali wamng'ono msinkhu? Apa wophunzira akanda m'mutu, nabvomera kuti sakadamlemba. Tsono analowa bwanji? Anabwereka citupa ca msuweni wace, nalembedwa nchito m'dzina la mwini citupa. Yankho limenelo likapezeka, ulusi wapezeka. Mtsikana uja wakonda munthu amene dzina lace leni-leni salidziwa. Kapitao akhulupirira munthu wonama. Ndipo tsiku la ngozi, kalata ya kampani idzapita kwa mai wolakwika.

MAFUNSO ATATU

Kuti ulusi upezeke msanga, ophunzira auzidwa kuyankha mafunso atatu pa pepala limodzi asanalembe mutu uli wonse. Loyamba: mwini nkhani afuna ciani? Cofunaco cikhale cinthu cooneka, cimene wowerenga angadziwe tsiku cimene capezeka kapena catayika. Kunena kuti mnyamata afuna moyo wabwino sikuthandiza, pakuti anthu onse afuna comweco. Koma kunena kuti afuna ndalama za sukulu ya mlongo wace Januwale asanafike ndiko kupatsa wowerenga cinthu coti adikire.

Laciwiri: cimletsa nciani? Copinga cabwino cikhala ndi nkhope ziwiri, ya kunja ndi ya m'kati. Kunja kuli lamulo la citupa, kuli msuweni waumbombo, kuli mwala wa pansi. M'kati muli manyazi a mnyamatayo, amene alolera kunama kawiri koposa kubvomera kamodzi kuti ananama. Woyamba kumene kulemba akonda mwini nkhani wace monga mai akonda mwana, namcotsera minga yonse m'njira. Koma munthu wopanda copinga alibe nkhani. Kalulu wa m'nthano akadapanda kukumana ndi Njobvu ndi Fisi, bwenzi ana atagona tulo agogo asanathe kusimba.

Lacitatu: akalephera ataya ciani? Ngati yankho ndi lakuti sataya kanthu, wowerenga nayenso sataya kanthu potseka buku. Mnyamata wa ku Katete akagwidwa ataya nchito, ataya mtsikana, ndipo mlongo wace abwerera ku khasu. Akapanda kugwidwa ataya dzina limene atate wace anamcha. Njira zonse ziwiri ziri ndi mtengo wace, ndipo nkhani yafika polimba.

PAKATI, PAMENE MABUKU AMBIRI AFERA

Ciyambi sicibvuta anthu ambiri, ndipo mapeto ena awalota asanayambe. Manda a mabuku ali pakati. Cifukwa cace aphunzitsi atha nthawi yaikulu pa lamulo ili: ciri conse cimene mwini nkhani acita pofuna kuzima bvuto lace cibale bvuto loposa loyambalo. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo pakati pa buku ndi pa matope.

Onani m'mene lamuloli ligwirira nchito m'nkhani ija. Munthu wa mudzi womwewo afika m'komboni namzindikira mnyamatayo. Pofuna kumtseka pakamwa, mnyamata ayamba kumpatsa ndalama mwezi ndi mwezi. Cifukwa ca ici, ndalama za sukulu zipelewera. Cifukwa ca kupelewerako, apempha kuti amtumize ku malo oopsa a pansi kumene malipiro ali okwera. Ndipo kumeneko ndiko kumene denga ligwa. Tsopano ngozi siinagwe kucokera kumwamba monga mphezi. Ndi mwana wa ngongole, ndipo ngongole ndi mwana wa citupa cobwereka. Wowerenga amva cisoni coposa, pakuti aona kuti mnyamata anayenda yekha ndi miyendo yace kunka pansi pa mwala umenewo, ndiponso kuti anayendera cikondi ca mlongo wace.

Aristotle anachulanso zinthu ziwiri zimene zigwira mtima koposa zonse: kutembenuka kwa zinthu, pamene cimene cinaoneka cabwino cisanduka coipa, ndi kuzindikira, pamene cobisika ciululika. M'nkhani iyi ziwirizi zingadze pamodzi. Denga likugwa, mnyamata akoka kapitao namuombola, iye mwini naphwanyika mwendo. Komboni yonse imtama, ndipo dzina lichuka. Koma dzinalo si lace. Kuchukako kufika kumudzi, ndipo msuweni akwera sitima kudzatenga ndalama za cipukuta misozi zolembedwa m'dzina lace. Kulimba mtima kumene kukadamkweza mnyamata ndiko kwamuulula.

Za mapeto lamulo liri limodzi: adze cifukwa ca kusankha kwa mwini nkhani. Wolemba wotopa ayesedwa kubweretsa malume wolemera wocokera ku Johannesburg kuti alipire zonse, kapena kupha msuweni ndi njoka pa njira. Wowerenga akaona ici adziwa kuti wanyengedwa. Mnyamata ayenera kuima yekha pamaso pa kapitao ndi mwana wace, ndi kusankha kuchula dzina lace kapena kukhala cete. Cimene asankha ndico ciphunzitso ca buku lonse, ndipo wolemba safunika kuonjezapo ulaliki.

Pali cinanso. Pa moyo, cakudza siciimba ng'oma. Koma m'buku ciyenera kuimba, ngakhale capansipansi. Umbombo wa msuweni uoneke m'mutu woyamba, pamene afuna njinga monga mtengo wa citupa cace. M'mutu wacinai, mkulu woimika mizati pansi amveke akudandaula kuti denga la malo aja lilira usiku. Wowerenga sasamala zimenezi poyamba, koma tsiku la ngozi akumbukira, nati, "Inde, zinanenedwa." Mapeto abwino adzidzimutsa munthu, koma akaceuka aona kuti sakadatha mwa njira ina.

KUMASULA BUKU LA WINA

Wophunzira umakaniko amasula injini yabwino kuti aone m'mene inamangidwira, ndipo wophunzira kulemba acita cimodzimodzi ndi buku lomangidwa bwino. Buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria lochedwa Things Fall Apart, limene linatuluka m'caka ca 1958, liri ndi mitu 25 m'zigawo zitatu, ndipo ulusi wace ndi umodzi: mantha a Okonkwo akuti angafanane ndi atate wace, amene anafa ali waulesi ndi wangongole.

Mantha amenewo ndiwo amcititsa kulimbika nchito ndi kukwera pakati pa anthu a mtundu wace. Mantha omwewo amcititsa kupha ndi dzanja lace mnyamata Ikemefuna, amene anakhala m'nyumba mwace zaka zitatu namuyesa atate, ngakhale mkulu wina anamcenjeza kuti asaikepo dzanja. Cifukwa ca imfa imeneyo, mtima wa mwana wace Nwoye ucoka pa iye, ndipo pambuyo pace mwanayo atsata Akristu. Pa maliro a mkulu yemwe uja anamcenjeza, mfuti ya Okonkwo iphulika nipha mwana wa womwalirayo, ndipo Okonkwo apitikitsidwa zaka 7 kunka kwao kwa amace. Mfuti imeneyi wowerenga anaiona kale m'mitu yoyamba, pamene Okonkwo mu ukali wace anaombera mkazi wace waciwiri namphonya. Ng'oma inaimba kale. Pobwera ku ukapolo wace wa zaka 7 apeza dziko litasintha. Apha mthenga wa boma la Azungu, naona kuti anthu ace samtsata, nadzimangirira.

Copindulitsa wophunzira ndi ici: Achebe anali ndi zambiri zoti aonetse, miyambo ya ukwati, milandu, zikondwerero za zilazi, kufika kwa amishoni. Wolemba wosadziwa akadaziika m'mndandanda, mutu uwu ukwati, mutu uwo maliro. Koma iye anazipacika zonse pa msana wa munthu mmodzi ndi mantha ace, ndipo ndi cifukwa cace bukuli liwerengedwa m'maiko amene anthu ace sanaonepo cilazi.

TIMAPEPALA PA GOME

Zipangizo za nchitoyi nzocepa mtengo. Wophunzira adula timapepala tambiri, ndipo pa kapepala kali konse alemba cocitika cimodzi m'mau ocepa. Atiyala pa gome kapena pansi, nayesa kuika mau akuti "cifukwa ca ici" pakati pa kapepala ndi kanzace. Pamene mauwo akana kulowa, ndipo pangolowa mau akuti "pambuyo pace," pamenepo msana wathyoka: kapepalako kacotsedwe, kapena kapezeredwe cifukwa. Kusuntha kapepala kutenga kamphindi. Kusuntha mutu wolembedwa kale kutenga mwezi ndi misozi.

Olemba akulu anacita zofanana ndi zimenezi. Mabuku ambiri a Charles Dickens anali kutuluka pang'onopang'ono, cigawo ca masamba 32 mwezi uli wonse pa mtengo wa shilingi imodzi, ndipo cimene casindikizidwa sakadatha kucibweza. Cifukwa cace polemba Dombey and Son, kuyambira 1846 kufikira 1848, anali kutenga pepala limodzi pa cigawo ciri conse nalipinda pakati: kumanzere analemba zokumbukira ndi mafunso odzifunsa yekha, kumanja analemba mitu ndi zocitika zace. Mapepala amenewo asungidwa kufikira lero.

Kunena zoona, olemba onse sagwirizana pa ici. Alipo amene sakonza kanthu, nangoyamba ndi munthu mmodzi ndi bvuto lace, ndi kumtsata kumene apita. Koma iwonso sathawa nchito ya msana, angoicedwetsa. Akatha kulemba koyamba abwerera, nadula, nalumikiza, nabzala m'mitu yoyamba zimene mapeto afuna. Woyesa malo pansi pa mgodi alemba njira asanaboole. Koma akakumana ndi madzi kapena mwala wofewa, akonza mapu ace. Timapepala ta wolemba tiri comweco. Mwini nkhani akakula nakana kucita cimene kapepala kanena, kawirikawiri wolakwa ndi kapepala.

USIKU WA LACISANU

Cinthu cimene ophunzira aopa koposa ndico kuwerenga zolemba zao pamaso pa anzao, ndipo ndico cimene ciwathandiza koposa. Wosimba nthano madzulo ali ndi mwai umene wolemba alibe: akati "Padangokhala," ana ayankha "Tiri tonse," ndipo mayankhowo akayamba kufooka iye adziwa pomwepo kuti nkhani yagona, naiutsa ndi nyimbo kapena ndi Fisi. Wolemba ali yekha ndi pepala losayankha. Pa kubindikira apezanso omvera ace. Powerenga aona pamene anthu aweramira kutsogolo, ndi pamene ayamba kuyang'ana ku zenera.

Zina zimene amva ziwawa. Mnzace angamuuze kuti mutu umene iye aukonda koposa, wofotokoza ulendo wa pa sitima, sugwira nchito iri yonse m'nkhani. Wina angamuuze kuti mwini nkhani weni-weni si mnyamata iai, koma mlongo uja wotsala kumudzi. Wophunzira wanzeru sateteza zolemba zace. Alemba zimene wamva, nagona nazo. Omvera kawirikawiri adziwa bwino pamene pabvunda, ngakhale mankhwala amene achula sakhala oyenera nthawi zonse. Mankhwala apeza mwini buku.

Koma munthu asanyengedwe kuti adzacoka Loweruka ndi buku lotha. Mabuku ambiri a nkhani zazitali a Cingerezi ali ndi mau oyambira 70,000 kufikira 100,000, ndipo palibe awalemba m'masiku asanu. Cimene wobindikira anyamula pobwerera ndi pepala la mafunso atatu, mtolo wa timapepala, ndi mitu iwiri kapena itatu yokonzedwanso. Nchito yaikulu imdikira kwao.

KUNO KU AFRIKA

Kusonkhana kwa olemba si cinthu ca ku England kokha. M'caka ca 1962, pa msonkhano wa olemba a mu Afrika ku Makerere, m'dziko la Uganda, mnyamata wa ku Kenya amene anali akali pa sukulu, Ngugi wa Thiong'o, anaonetsa Achebe zolemba zace. Ndipo m'caka ca 1964 buku lace Weep Not, Child linasindikizidwa. Ku Mindolo, mu Kitwe, kumapeto a zaka za m'ma 1950 kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa olemba ndi atola nkhani ocokera m'maiko ambiri a Afrika. M'caka ca 2016 a mphotho ya Caine Prize anasonkhanitsa olemba a maiko angapo ku Chaminuka, pafupi ndi Lusaka, kuti abindikire nalembe nkhani zazifupi. M'caka ca 2015 mphothoyo inali itapita kwa Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka. Ndipo nkhani yaitali m'Cinyanja si yacilendo: buku la Samuel Josiah Nthara lochedwa Nthondo linatuluka m'caka ca 1933.

WOSATHA KUPITA KUTALI

Munthu wa shifiti, amene malipiro ace athera pa unga, lendi ndi sukulu ya ana, sadzakwera ndege kunka ku Yorkshire. Koma cimene cigwira nchito m'nyumba ija si makoma ace amiyala; ndi zinthu zitatu, nthawi yopatulidwa, bata, ndi omvera osanyengerera, ndipo zimenezi zipezeka ku Chingola ndi ku Chipata komwe. Anthu anai kapena asanu angapangane masiku a chuthi, kapena kuyambira Lacisanu madzulo kufikira tsiku la Sabata, napempha cipinda ca sukulu ana atatsekera, kapena kacipinda ka pa chalichi. Asonkhe unga ndi ndiwo, aphike mosinthana, ndipo lamya zonse zigone m'thumba limodzi kufikira madzulo.

Tsiku loyamba yense asimbe nkhani yace yonse pakamwa m'mphindi zisanu, anzace namfunse cifukwa ca cocitika ciri conse. Tsiku laciwiri adule timapepala nayale. Madzulo a tsiku lotsiriza yense awerenge masamba atatu. Lamulo la omvera likhale lakuti anene pamene anamva kukoma ndi pamene mtima unacoka, osaseka munthu, ndiponso osamtama cabe cifukwa ndi mnansi. Asanabalalike apangane tsiku lokumananso, pakuti munthu wodziwa kuti anzace adzamfunsa mutu wacinai aulemba. Wolemba mau 300 pa tsiku, ndiwo tsamba limodzi ndi pang'ono, m'masiku 200 ali ndi mau 60,000. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Moyo wa ku migodi, wa m'makomboni ndi wa pa njira ya kumudzi uli ndi nkhani zimene mlendo sangazilembe, pakuti sanatsike pansi m'bandakuca ndipo sanadikire pa cipata tsiku la ngozi. Amene anatsika ndi amene anadikira ndiwo eni nkhanizo, ndipo ambiri a iwo ali ndi kope pansi pa sutikesi. Mwini kope akalitulutsa ndi kulikutumula pfumbi, asathamangire mutu wacinai. Atsegule tsamba lotsiriza, lopanda kanthu, nalembepo dzina la mwini nkhani wace, cimene afuna, cimene cimletsa, ndi cimene adzataya akalephera. Mayankho akapezeka, ng'ombe ija idzalola goli.